Pakhomo pa Firiji

Lolemba, 7 Okutobala 2024

Seva, kompyuta yaikulu ya pulojekiti, yafika. Bokosi lalitali ngati chitseko chogoneka, amuna anayi kulinyamula, a Phillip kumbuyo akukuwa kuti pang'onopang'ono. Pambuyo pa bokosi, mwini wake: Tamala, injiniya wochokera ku Lusaka. Ndinkayembekeza bambo wamimba ndi magalasi. Watsika mtsikana wa thalauzi, tsitsi lometa m'mbali, botolo la madzi lakelake ngati athu a kuno ali ndi poizoni.

A Phillip, bwana wa pulojekiti yathu, atisonkhanitsa pansi pa mango. Akuti makamera onse a ku Chikwa, Tembwe ndi Chifunda azitumiza mavidiyo kuno ku boma, makina aziona okha njovu, uthenga uzilira pa mafoni a achitetezo a m'midzi njovu isanafike pa nkhokwe. Ine ndi Doris, amene takhala tikuyang'ana mavidiyo amenewa ndi maso mpaka kulota njovu, akuti ntchito sititaya. Tiziphunzitsa makina: kujambula kabokosi pa nyama iliyonse nkulemba dzina lake. Tiona.

Wosankhidwa kuthandiza Tamala: Oscar. Mwamuna wanga. Ndiye anakwera mitengo kumanga makamera aja, ndiye palibe chodabwitsa. Chodabwitsa n'chakuti lero wasita malaya yekha.

Lachitatu, 9 Okutobala

Kutentha kwa chaka chino! Nyenje kulira chiyambire m'mawa. Magetsi anapita dzulo, mpaka manje. Kuofesi tikukhalira sola.

Kachipinda kaja kosungira matayala ndi makasu akapaka penti, aika makina oziziritsa. Seva akuti imafuna kuzizira ngati nyama ya m'butchala. Doris wakapatsa kale dzina: Firiji. Lamulo lake, chitseko chikhale chotseka nthawi zonse chifukwa cha fumbi. Makiyi awiri, ina ya Tamala, ina ya Oscar. Malo okhawo ozizira m'Chama yense, ndipo muli mwamuna wanga ndi mkazi wina, chitseko chotseka mwalamulo.

Pa tiyi Tamala watifotokozera. Bokosi ndi limodzi, koma m'kati mwake akumanga makompyuta anayi osagwirika ndi manja, iye akuti mavii-emu. "Ba Vainess, ili monga nyumba ya landilodi, zipinda zinayi za lendi, aliyense na kiyi yake." Choyamba chizilandira mavidiyo. Chachiwiri chizifufuza njovu. Chachitatu chizitumiza mauthenga. Chachinayi n'chophunzirira, changa ndi Doris. "Olo muphwanye zonse mwanu, anzanu sazamva."

Ine ndamva kamodzi. Oscar wapempha kuti abwereze. Oscar yemwe amalumikiza sola osayang'ana pepala.

Lachisanu, 11 Okutobala

Ntchito ya mabokosi yayamba. Makina ndi opusa kuposa mmene anatiuzira. Chulu, akuti njovu. Mayi wosenza mtolo wa udzu, akuti njovu. Njovu yeniyeni itatembenuzira kamera matako, akuti palibe kanthu. Ine kukonza, Doris kuseka. Tamala akuti ndi mmene amayambira, ngati mwana wa giredi wani.

Kuti aphunzirenso munthu, aika kamera ina m'khonde la ofesi, yoyang'ana pakhomo pa Firiji. A Phillip akamadutsa pamenepo amabweza mimba.

Tamala amamuitana "ba Oscar," mawu akutsika kumapeto ngati akumuyalira mphasa.

Madzulo kunyumba: Tamala wati, Tamala waonetsa, Tamala akuti ku Lusaka amachita chonchi. Ndiwo kuzizira m'mbale. Mwiza wathu, zaka zisanu, wafunsa, "Adadi, Tamala ndi bwana wanu kapena mnzanu?" Oscar waseka mpaka kutsamwa. Ine ndinkadikira yankho limenelo kuposa mwana.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Jekete.

Lija la buluu ndinamugulira Oscar pa salaula, pa zovala zakaunjika, ku Lundazi, chaka chimene ankagona kuthengo mu Juni. Thumba lake lobooka ndinasoka ndekha. Lero masana chitseko cha Firiji chatseguka, watuluka Tamala atavala lomwelo, manja opinda kawiri. Wapita kukamwa madzi, wabwerera, osandiyang'ana. Dala kapena mosadziwa, sindikudziwa choipa kwambiri n'chiti.

Doris, maso ali pa sikirini: "Alamu anga ndi achifundo, mwe." Ndajambula bokosi pa njati nkulemba kuti mvuu. Ndakonza.

Kunyumba ndafunsa mofatsa ngati wofunsa tomato pamsika. "Atate a Mwiza, jekete lili kuti?" Akuti m'Firiji, mumazizira muja. "Ndiye limafunda seva?" Wandiyang'ana. "Munthu wobwera kuchigwa mu Okutobala akananyamula juzi? Amake Mwiza, musayambe."

Sindinayambe. Ndangofunsa jekete.

Lachinayi, 17 Okutobala

Ndamva kwa a Phillip, osati kwa iye. Akudutsa pa desiki yanga: "Amayi, mukonzeke kukhala nokha miyezi itatu." Ine, bwanji bwana? Iwo, "Aa, sanakuuzeni?" nkuthawira mu ofesi mwawo.

Nkhani yake ndi iyi. Tamala akamaliza kuika zonse abwerera ku Lusaka kumayambiriro kwa Novembala. Pulojekiti ikufuna munthu wa kuno woti aziyang'anira seva, ndiye Oscar apita naye kukaphunzira. Galimoto imodzi. Kugona ku Chipata. Kenako miyezi itatu m'tauni mmene Tamala amadziwa msewu uliwonse, Oscar osadziwa ngakhale pokwerera minibasi. Adzamuonetsa ndani?

Oscar akuti amafuna kundiuza Lamulungu, titakhala pansi bwino. Akuti ndi mwayi wa banja. N'zoona. Chaka cha chilala chino ufa ukukwera ngati uli ndi makwerero, ndipo woyang'anira seva sakweranso mitsanya kukalumidwa ndi kashembe. Ndanena kuti ndasangalala. M'kamwa ngati ndatafuna mango osapsa.

Ine ndi Oscar tinamaliza giredi thwelofu pa sukulu imodzi. Masamu ndinamuposa. Izi sindinanene.

Lamulungu, 20 Okutobala

Oscar wamuitana Tamala kudzadya. "Mlendo asamadye mabisiketi ku loji pa Lamulungu." Ndapha nkhuku imene ndinkasungira Khirisimasi, ndaphika mpunga wathu wa Chama. Ndinali nditakonzeka kumuda bwinobwino.

Zakanika. Wafika atavala chitenje, nsapato wavulira pakhomo, wapempha mphika kuti akokote zam'munsi, mbale watsuka ine ndikukana. Mwiza wamukhalira pamiyendo mpaka kugona. Akuti amayi ake ndi a ku Petauke, iye anakulira m'kachipinda kamodzi ku komboni, homuweki ankalembera pa chidebe chovundikira. Ngakhale umphawi wandilanda.

Kukhitchini, tili awiri: "Ba Vainess, mabokosi anu ni oyera. A Doris amadula miyendo ya njovu, koma anu makina aphunzira nawo msanga." Ndathokoza. Mtima unakondwa usanandifunse, chitsiru.

Oscar wamuperekeza. Ku loji ndi pafupi, mwana amapita nkubwera madzi a tiyi asanawire. Iye wabwera mbale zitauma, nkhuku zitalowa m'khola. Akuti anakumana ndi anzake a mpira. Mwina.

Lolemba, 21 Okutobala

Tsiku lonse nkhondo ndi pulogalamu yofufuza njovu. Ikukana kuona kadi ina m'kati mwa seva, imene Tamala amati ndiye maso ake. Anakoka zina kuchokera pa intaneti, netiweki nkuduka zitatsala pang'ono, nkuyambiranso. Kawiri ndinamva Tamala akutukwana m'Chibemba kuseri kwa chitseko. Kachitatu ndinamva onse awiri akuseka.

Oscar akuti asanasinthe kanthu amayamba ajambula chipinda chonse cha m'seva mmene chilili, zikaipa amangochibwezera pa chithunzicho ngati palibe chachitika. Amanena maso akuwala. Zaka zonsezi sindinadziwe kuti maso ake amatha kutero chifukwa cha bokosi. Ngati ndi bokosi.

Sopo watha. Shuga watsala wa Mwiza.

Lachitatu, 23 Okutobala

Zagwira. Dzulo anayatsa za ku Chikwa, ndipo usiku womwewo makamera aona njovu zikuwoloka mchenga wa mtsinje. Uthenga walira pa mafoni, achitetezo adzuka ndi mfuti zawo za tsabola, njovu zabwerera zikuyetsemula. Nkhokwe zonse zili chilili. M'mawa a Phillip agula zakumwa zozizira. Tamala ndi Oscar awombana m'manja, kenako phewa lagunda phewa. Ndinaona. Kamera ya m'khonde inaonanso.

Masana Tamala wationetsa ine ndi Doris china: makina ukhoza kuwafunsa. Usankha kamera, usankha masiku, ulemba chimene ukufuna, monga njovu zokhala ndi mwana, kapena munthu woima pamalo akutiakuti. Amasanthula okha nkukubweretsera tizidutswa tokhato. Doris: "Akanabwera kale awa, wanga uja ndikanamugwira chaka choyamba." Tonse kuseka. Ine ndaseka mochedwa.

Pasiwedi ya Oscar polowa mu seva ndi dzina la mwana ndi chaka chobadwa. Pa foni n'chimodzimodzi, paliponse n'chimodzimodzi. Sindinachite kusuzumira. Zala zake ndimazidziwa.

Loweruka, 26 Okutobala

Oscar wapita ku Tembwe m'mamawa pa njinga yamoto, akuti amalume ake mwendo watupanso. Mwiza ndamusiya kwa aneba. Kuofesi zii, anthu akadali ndi ulesi wa holide ya ufulu. Kiyi ya kutsogolo ndili nayo popeza nthawi zina timadzamaliza mabokosi. Mlonda wandipatsa moni, wapitiriza kusenda nzimbe.

M'Firiji sindinalowe. Kiyi ndilibe, ndiponso sipafunika, zonse zimachitikira pa desiki. Ndasankha kamera ya m'khonde, kuyambira tsiku limene anaiika, aliyense wofika pakhomo paja. Makina ayankha kuti amaliza Lachitatu. Lachitatu! Tamala akanaona Lolemba m'mawa.

Ndatuluka dzina langa, ndalowa la Oscar. Kwa iye kumaoneka nyumba yonse, zipinda zinayi, chilichonse ndi kamzere ka mphamvu zake. Ka chipinda chathu chophunzirira kafupi ngati chala cha Mwiza. Ndakakoka mpaka kumapeto. Pa kadi ija ya maso ndasankha kuti ntchito yathu ikhale yoyamba pamzere. Pabwera funso lalitali la Chingerezi, ndawerenga theka, ndavomera. Manje akuti amaliza mawa m'mawa. Kuseri kwa chitseko mafani ayamba kulira ngati ndege.

Tamala anati olo tiphwanye mwathu, anzathu sazamva. Ananena yekha.

Ndabwerera, ndaluka Mwiza tsitsi. Oscar wafika dzuwa litalowa, fumbi mpaka m'nsidze. Amalume akuti ali bwinoko.

Lamulungu, 27 Okutobala

Kutchalitchi sindinamve kanthu. Titatuluka ndauza Oscar kuti ndinaiwala chaja kuofesi. Inali m'chikwama chiyambire.

Tizidutswa tambirimbiri. Ndaonera tonse. Alowa awiri, atuluka awiri. Oscar atanyamula waya. Tamala atanyamula laputopu. Oscar akumutsegulira chitseko, chimene kunyumba sanachitepo chikwatiranireni. Tsiku la jekete: akumuveka yekha pamapewa, nkubwerera m'mbuyo msanga ngati wagwira poto wotentha. Kameneka ndakabwereza. Ukakaona koyamba ndi ulemu. Ukabwereza ndi chikondi. Ukabwerezanso ndi ulemu.

Koma munthu amene makina amupeza kambiri pakhomo paja si Oscar, si Tamala. Ndi mayi wina wa diresi la maluwa, kapu m'manja, khutu pafupi ndi thabwa, akunamizira kuwerenga chidziwitso cha zozimira moto. M'mawa alipo, masana alipo. Sindinkadziwa kuti kumbuyo ndimaoneka chonchi.

Chimene chimachitika chitseko chikatsekeka, makina sadziwa. Ntchito yonse ija, kudzangophunzira kuti kamera siiona kudutsa thabwa.

Ndafufuta zonse, timizere ndabwezera pamene tinali. Mafani akhala chete.

Lolemba, 28 Okutobala

Ku Chikwa kwaipa. Loweruka usiku njovu zinabweranso, njira yomweyo. Makamera anaziona bwinobwino. Uthenga unafika pa mafoni Lamulungu dzuwa litatuluka, njovu zitakhuta kale nkubwerera. Kale achitetezo ankasinthana kulonda ndi zitini. Za sabata yatha zija zinawapatsa chikhulupiriro, foni inali chete, anagona.

Nkhokwe ya a Abraham, bambo amene amatisungira mabatire a makamera kunyumba kwawo, yaphwasulidwa mpaka pansi. Chaka chino iwo anali mwa ochepa okolola kanthu, chifukwa cha dimba lawo la m'mphepete mwa mtsinje. Akazi awo anatuluka ndi tochi, njovu inawathamangitsa, anagwa nkuthyola dzanja. Ali moyo.

A Abraham aimbira a Phillip, mawu akumveka mpaka pa desiki yanga: "Munatiuza tigone, makina adzatidzutsa. Tagona."

Tamala m'Firiji yekha tsiku lonse. Jekete lili pa mpando wa Oscar. Ine mabokosi, miyendo ya njovu ndikuidula ngati Doris.

Mwina ndi netiweki. Netiweki ya kuchigwa imachita zimenezi.

Lachiwiri, 29 Okutobala

Si netiweki.

Tamala watiitana tonse, nkhope yosawerengeka. Akuti zipinda n'zosiyana, inde, koma mpopi ndi umodzi. Wina anatsegulira madzi onse ku chipinda chophunzirira, chofufuza njovu nkumangolandira madontho, mavidiyo akuunjikana pamzere usiku wonse. Akuti kulakwa kwina n'kwake, anayenera kuika malire asanayatse za ku Chikwa. Za mpopi akananena tsiku lija pa tiyi. Kenako akuti seva imakumbukira aliyense wolowa. Loweruka m'mawa, dzina la Oscar.

Ndinatsegula pakamwa. Ndikulumbira ndinatsegula. Oscar anandiyang'ana kamodzi, mwachidule ngati woyang'ana wotchi, nkuimirira. "Ndine, bwana. Ndinadutsa ndisanapite ku Tembwe, ndimafuna kuyesa liwiro. Ndinaiwala kubwezera." Tamala anamuyang'ana nthawi yaitali.

A Phillip atenga kiyi ya Firiji. Za ku Lusaka zatha. Oscar abwerere kumitengo, ndipo akapepese yekha ku Chikwa.

Sapita. Ndi chimene ndakhala ndikupempha. Ndaphika, wadya, wathokoza monga amathokozera kunyumba kwa eni.

Lachinayi, 31 Okutobala

Oscar watenga chimanga chathu, chimene amayi anga anatitumizira, wamanga pa njinga mpaka tayala kuphwa. Sanandifunse. Sindinafunse. Ku Chikwa a Abraham analandira chimanga koma mpando sanamupatse. Anapepesa chiimire, anthu atazungulira, akazi awo atakhala pakhonde ndi dzanja la pulasitala. Izi wandiuza dalaivala wa ofesi, amene anali komweko. Mwini wake sananene.

Madzulo ndayesa. "Atate a Mwiza, za Loweruka zija..." Wakweza dzanja. "Zatha. Mukanena manje mwina atichotsa tonse awiri, inu chifukwa cha seva, ine chifukwa cha bodza. Tizidya mabokosi?" Kenako, akuvula nsapato: "Mwapeza chimene mumafuna?" Ndati ayi. "Pepani," watero, ngati ndataya ndolo.

Pa foni wasintha pasiwedi. Ndaona zala zikupita kwina.

Loweruka, 2 Novembala

Tamala waika malire. Manje kamzere kathu sikakokeka, ngakhale utalowa ndi dzina la ndani. Waikanso belu: mavidiyo akayamba kuunjikana, foni ya a Phillip izilira. Kamera ya m'khonde waichotsa yekha, akuti makina adziwa munthu mokwanira. Potsika pa mpando anandimwetulira. Kumwetulira kwa Tamala sindikuwerenganso, ndatopa.

Ku Chikwa abwerera ku zitini. Akuti foni ilire kapena isalire, iwo alonda.

Doris akuti Oscar sangachite zopusa zotere, pali china. Akunena akundiyang'ana m'mbali. Ndamuuza ayang'ane njati zake.

Oscar wadzuka m'mawa, wavala malaya osasita, wapita kukasintha mabatire. Ali pano, wanga, palibe akumubwereka kanthu. Nyumba ili zii ngati ofesi ya Loweruka.

Lolemba, 4 Novembala

Kamvula koyamba. Fumbi lanunkhira bwino, kasiya.

A Phillip andiitana, atseka chitseko. Ndinati basi, zadziwika. Koma akuti malo a ku Lusaka anakonzedwa kale, sangapite pachabe, ndipo seva singakhale yopanda mwini Tamala akachoka. Anafunsa Tamala kuti wina ndani. Tamala watchula ine. Akuti ndimamva msanga ndipo sindiopa makina. Sindiopa makina! Ananenadi choncho kapena a Phillip akometsa, sindikudziwa.

Ndiyankhe Lachitatu.

Choipa ndi ichi: mtima unadumpha. Usanakumbuke a Abraham, usanakumbuke Oscar, unadumpha. Masabata onsewa ndimati ndikuchitira nsanje Tamala chifukwa cha mwamuna wanga. Kapena ndimachitiranso nsanje mwamuna wanga chifukwa cha Firiji. Zonse ziwiri zikukwana m'chifuwa chimodzi osapanikizana.

Oscar anamva kale. Akumata tayala panja, osadzutsa mutu: "Pitani. Kudziphunzitsa nokha kwatidyera chimanga."

Lachitatu, 6 Novembala

Njira ziwiri, ndaziyenda zonse m'mutu mpaka zaterera.

Ndikanena zoona, yanga ntchito yatha. Oscar, ndikawadziwa a Phillip, amukalipira nkumukhululukira, popeza bodza lobisa mkazi amuna anzake amalimvetsa. Akwera galimoto ndi Tamala, ine nditsala ndi Mwiza ndi manyazi. Ndikakhala chete, ndikwera ine. Iye atsala ndi dzina loipa ku Chikwa, koma atsala kutali ndi Tamala, ndipo Tamalayo ndizimuona ndi maso anga tsiku lililonse.

Ndaima pakhomo pa a Phillip mpaka mlonda wafunsa ngati ndadwala. Ndalowa. Ndati ndipita.

Mwiza atsala ndi atate ake, mlamu wanga Damaris azibwera kuthandiza. Oscar wanditsitsira sutikesi pamwamba pa kabati, waipukuta, wakonza zipi. Ndi yomwe anabwereka kwa mnzake pokonzekera ulendo wake.

Loweruka, 9 Novembala, Chipata

Tanyamuka m'mawa. Oscar sanadikire galimoto, akuti makamera a ku Chifunda sadikira munthu. Anandigwira chanza ngati mlendo wa kutchalitchi. Mwiza analira, anasiya atapatsidwa mango. Msewu wa ku Lundazi wogwedeza mano. Njira yonse Tamala pa laputopu, ine pa windo.

Pano pa loji atipatsa chipinda chimodzi, mabedi awiri. Dzuwa likadalipo.

Akumasula nsapato, osandiyang'ana: "Ba Vainess, tikalibe kufika ku Lusaka, tichotse ichi pakati pathu. Nidziwa kuti munali imwe." Ndati seva inatchula Oscar. "Seva idziwa chabe pasiwedi. Ine nidziwa kuti nthawi ija ba Oscar sanali pafupi na kompyuta iliyonse. Anali na ine."

Akuti Oscar anamupempha asanene, iye anavomera. Akuti wanditchula kwa a Phillip chifukwa munthu wopeza yekha timizere tija m'mawa umodzi ndi bwino aphunzitsidwe kusiyana n'kumusiya ndi kiyi ya kutsogolo. Ananenanso zina, za kukhulupirirana pa ntchito. Sindinazimve.

Loweruka lija ine ndili pa desiki kulonda chitseko, m'Firiji mulibe munthu.

Ndiye Oscar anaimirira pamaso pa a Phillip chifukwa cha ine, kapena kuti asafunsidwe kumene anali? Mwina anapita kukaona mlongoti wa netiweki wa ku Tembwe. Tamala ndi injiniya, milongoti ndi yake. Koma wopita ku mlongoti satupitsa mwendo wa amalume ake.

Ndafunsa, "Munali kuti?" Watenga thaulo ndi sopo. "Icho mufunse amuna anu. Ine nakamba mbali yanga." Walowa m'bafa, wakhoma.

Madzi akutsika. Akuimba kanyimbo pansipansi. Ndaimbira Oscar, foni siikulowa, ku Chifunda agona kuthengo mpaka Lachinayi. Mawa Lusaka. Miyezi itatu, desiki yanga moyang'anana ndi ya Tamala, iye akudziwa zanga zonse, ine zake ayi.

Madzi asiya. Loko ikutembenuka, ndipo nkhope sindinaikonze